Rauta ya a Mlongoti

A Mlongoti, amene ankakhala m'chipinda cha pamwamba pa shopu yanga yosokera zovala, sanavomerepo kuti netiweki ili bwino. Ukawapatsa moni, m'malo mokuuza za thupi lawo ankakuuza za rauta, kabokosi kawo ka intaneti: yadzuka mofooka, kagetsi kake kakuphethira, dzulo inatentha ngati nsimbi. Dzina limeneli tinawapatsa tsiku limene anamangirira rautayo kumtengo wa mopu yokolopera n'kuitulutsira pawindo, iwo ataimirira pampando, nkhalamba yonseyo.

Rautayo inali ya simukadi, zija zokoka netiweki ya mafoni, ndipo anawasiyira ndi mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo. Awiriwa anasiyana atakangana. Bambo ankafuna kuti mwana apitirize ntchito yawo yokonza mawailesi, mwana anati mawailesi anatha ntchito, mawu anakula, mpaka bambo analoza chitseko. Mwanayo anapita kunja kukagwira ntchito, koma pochoka analumikiza rauta n'kunena kuti mtima ukadzakhala pansi adzaimba. Kuyambira pamenepo a Mlongoti ankadikira foni imeneyo, ndipo poti sinkabwera, wolakwa anali netiweki.

Pasiwedi anatipatsa tonse apanyumbapo, ife n'kumati tatola mwayi. Tinalira nayo. Uli pakati potumizira kasitomala chithunzi cha diresi, zonse zii, a Mlongoti azimitsa kuti ipumeko. Ankatulutsa simukadi, kuiuzira mpweya, kuipukuta ndi malaya, kuibwezera mozondotsa, kuitulutsanso akutukwana amene anaipanga. Rautayo inayenda kuposa ena a ife. Inachoka pawindo n'kupita pamwamba pa kabati, inachoka apo n'kupita kubafa, kumene ankati kuli mphepo yabwino. Kumbuyo kwake anaimikako chivindikiro cha poto kuti netiweki isamapitirire kwa aneba.

Tsiku lina anatsika kudzawazenga mlandu mayi a saluni, amene amakhala moyandikana ndi shopu yanga, kuti mabulangete amene ayanika pakhonde akutchinga.

"Bulangete lingatchinge netiweki, bambo?"

"Louma ayi. Anuwo ndi onyowa."

Mayiwo, amene sagonjera munthu pamkangano, anangoanula mabulangetewo akudontha madzi. Tonsefe tinkadziwa kuti rautayo ikangosiyidwa pamtendere imagwira bwinobwino. Koma ukakumana nawo pamasitepe unkawadandaulira kuti lero yavutadi, iwo n'kugwedeza mutu mokhutira, n'kukwera kukaisunthanso. Palibe amene anapangana ndi mnzake, zinangokhala choncho.

Anadzationongera ndi mwini nyumba, munthu amene amaganiza kuti chilichonse chimafunika kukonzedwa. Atatopa ndi intaneti yodukaduka, anabweretsa katswiri wa ku kampani ya mafoni. Katswiriyo sindimuda, anagwira ntchito yake. Anachotsa chivindikiro cha poto, anayeza mphamvu ya netiweki pakona iliyonse, anaona kuti simukadi yakhala bwino ndiponso kuti bandulo ilimo, kenako anaimbira foni ya a Mlongoti pa intaneti. Inalira mokweza mpaka tinaimva pansi.

"Bambo, rautayi ilibe vuto lililonse. Aliyense wofuna kukupezani akupezani."

"Ngakhale wa kunja?"

"Ngakhale wa kunja, bambo."

A Mlongoti anamuthokoza mwaulemu ndipo anamuperekeza mpaka pageti. Atabwerera anazula rautayo kumagetsi, anakulunga waya wake bwinobwino, n'kuiika m'kabati. Mwini nyumba anachoka akunyadira kuti wathandiza, ndipo mpaka lero ndikamuona mtima umandiwira.

Mawa lake ndinakwera kukawafunsa chimene azimitsira chinthu chimene changokonzedwa kumene. Ndinawapeza atakhala pakati pa mawailesi awo akufa, manja ali pamaondo.

"Atelala," anatero, "ikakhala yozima ndimadziwa chifukwa chake sakuimba."

Sanaiyatsenso. Moni wawo unasanduka wa anthu onse, ndili bwino kaya inu, ndipo anayamba kutsika mwakamodzikamodzi. Anamwalira nyengo yozizira itangoyamba, osadwala kwenikweni.

Panyumba pano pazizira. Aliyense anagula bandulo yake, intaneti sidukanso, ndipo pamasitepe timangodutsana chifukwa tilibe chodandaulirana. Ndimawasowa kwambiri, ine amene ndinkawatukwanira mumtima akandidulira kasitomala.

Koma chimene chimandiwawa kuposa zonse ndi m'mawa umene tinawapeza atatisiya. Panafunika kumudziwitsa mwana uja. Nambala yake inali mufoni ya bambo ake, ndipo foniyo inkadalira rauta, choncho ndinaitulutsa m'kabati n'kuilumikiza pomwepo pansi, pafupi ndi bedi. Timagetsi tonse tinayaka. Ndinalemba uthenga wa maliro n'kutumiza. Mwanayo anayankha ndisanaike n'komwe foniyo pansi.