Chilombo cha pa Disiki Yachiwiri

"Badadi, chija chinyama, filimu ikasila chimayenda kuti?"

Anafunsa choncho mwana wanga Tiya, wa zaka zinayi, pofuna kudziwa kumene chilombo chimapita filimu ikatha, ndipo pa yadi yonse ku Chawama kumene timachita lendi panalibe woyankha. Amake anati akafunse ine. Apongozi anga, amene anali atabwera kudzacheza kuchokera ku Katete, anati Mulungu yekha ndiye adziwa. Ine amene ndinaphunzira mpaka kusekondale ndinangoti, "Chimagona." Mwana n'kuti, "Kuti?"

Inali nthawi ija katundu wakunja atasefukira m'tauni, aliyense wopezako bwino akugula makina a dividi. Eni nyumba athu, ba Mwanza, anagula awo, ndipo tsiku lina Tiya anasuzumira pakhomo pawo n'kuona filimu ija inkamveka ponseponse, ya zilombo zochokera kunyenyezi, za khungu ngati ng'ona ndi maso pamphumi ponse. Kuyambira tsikulo mwana anakaniratu kuchimbudzi, ati chinyama chili m'dzenje. Mphasa kunyowa, amake kuchapa kosalekeza, ine mtima m'mwamba. Paja ndine munthu woti mwana akangotsokomola kamodzi ndavala kale nsapato za kukiliniki.

Nzeru inachokera kwa ba Mwanza omwewo. "Ba neba, mu bokosi muli na disiki yachibili, sitinaikepo. Imwe bophunzila, belengani." Ndinawerenga pachikuto: disikiyo inali ya zowonjezera, yoonetsa momwe anapangira filimuyo. Ndinati basi, mankhwala ndi amenewa! Mwana aone yekha kuti chilombocho n'chopanga anthu. Ine amene ndimalawa phala lake ndisanam'patse, kodi ndinaganizako zoyamba ndaionera ndekha disikiyo? Ayi ndithu.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ba Mwanza anabweretsa makinawo kwathu n'kukhala pampando wabwino. Apongozi anakhala pamphasa cha kukhomo, kutali ndi ine monga mwa ulemu. Pawindo mitu ya aneba thothotho. Rimoti ili m'manja mwanga, jekete la kutchalitchi ndisanavule n'komwe.

Patulukira chombo cha m'mlengalenga chikuzungulira, nyimbo ikulira. Chazungulira, nyimbo yatha, chayambiranso. Ndinalengeza kuti, "Azungu sathamanga, amayamba akonza mtima wa munthu." Tinaonera chombocho mwaulemu wonse mpaka apongozi anauza mwana wawo motsitsa mawu, "Iwe, ndegeyi yadutsa kale pano. Kodi yasochera?"

Mkazi wanga anandigunda ndi chigongono. "Batate bake Tiya, tinikani chinthu pa rimotipo." Apa m'pamene ndinaona kuti pambali pa chombocho panali mawu oti munthu asankhepo.

Tsono chenjezo langa ndi limene linandipha. Ndinaona pena polembedwa kuti zigawo zimene anazichotsa mufilimu, ndipo ndinati tiyambe ndi zimenezi, popeza anazitaya ndiye kuti n'zozizira, mulibe chilombo. Chilombo munalibedi. Munali mkulu wa chombo ndi mayi dokotala, awiriwiri m'kachipinda, akuyang'anana ngati anthu osadya. Ndisanameze malovu agwirana, milomo yakumana, zipi yayamba ulendo wotsika. Pamaso pa apongozi, anthuni!

Ndinadina kuti ndizimitse, chithunzi n'kuima pomwepo, osasuntha. Ndinadinanso pena, milomo ija n'kukula kudzaza galasi lonse. Ndinalumpha n'kuima kutsogolo kwa tivi nditatambasula jekete ngati nkhuku yofungatira anapiye, uku ndikudina rimoti cham'mbuyo. Ikanagwira bwanji, ine mwini nditatchinga makinawo? Apongozi anadzifunda chitenje kumutu n'kuyamba nyimbo ya kumaliro.

"Ba neba, chokani, mutivalila, sitiona!" anakuwa ba Mwanza. Pawindo wina anati, "Ndiye vamene banaphunzila ku sekondale ivi!"

Mkazi wanga anazula waya kukhoma, tinayambiranso, chombo chija n'kubweranso. Ulendo uno ndinasankha bwino. Chilombo chija chinaoneka chitaima m'chinyumba chachikulu, anthu akuchizungulira ndi makapu a tiyi, wina akuchipukuta mano ndi kansalu. Tiya anandikakamira mwendo.

"Ona manje, mwana wanga, ona," ndinatero. Anyamata awiri anagwira mutu wa chilombocho n'kuuzula, ndipo m'katimo munatuluka mutu wa munthu, wakuda ngati ife tomwe, wa dazi lonyezimira, ndevu zamzerezere, thukuta kamukamu, akuseka.

"Waona? Ni munthu chabe!" ndinatero monyada, ndikuyang'ana cha kwa apongozi kuti mwina ulemu wanga ungabwerereko.

Tiya anayang'ana pa tivi. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana pampando wabwino paja, pamene panakhala munthu wa dazi lonyezimira, ndevu zamzerezere, thukuta kamukamu chifukwa cha kutentha kwa malata athu, akuseka. Kukuwa kwake kunamveka mpaka pamsewu wa Kafue.

"Ni ba Mwanza! Mami, chinyama ni ba Mwanza!"

Munthu wamkulu akanangoti ayi mwanawe, si ine. Koma ba Mwanza, poona kuti pawindo anthu akugwa nacho chiseko, anakweza manja m'mwamba n'kubangula. Mwana analowa pansi pa bedi, ndipo anatulukako makina ndi mwini wake atapita.

Apongozi anabwerera ku Katete asanandiyang'anenso kumaso. Tiya sakhulupiriranso kuti m'dzenje muli kanthu, pamenepo ndinapambana. Vuto n'lakuti chimbudzi chathu chili kuseri kwa nyumba ya ba Mwanza, ndipo njira imadutsa pakhonde pawo penipeni. Panopa ndimamunyamula paphewa, kutuluka pageti, kuzungulira kwa aneba, kulowera poboola pa mpanda, iye atatsinzina, ine ndikupereka moni kwa anthu amene akudziwa bwinobwino kumene tikupita.

Disiki yachiwiri sindidzaigwiranso, ngakhale ikhale ya kwaya. Koma abale anga, ngati mukudziwa nyumba ya zipinda ziwiri kuno ku Chawama kapena ku Kanyama, imene mwini wake ali ndi tsitsi kumutu, chonde mundiuze mwezi usanathe.