Mamasiki a m'Ndowa ya Milamba

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti akazi anga ayamba kuifotokoza pamjigo ndi pamsika pomwe, bola ndiinene ndekha isanamere nyanga. Sekani, ndakulolani. Manyazi ake ndinamaliza kale.

Ine kwathu ndi ku Balaka, koma ndili pachikamwini kwa Kawinga ku Machinga. Akazi anga, Abiti Jafali, amaoda milamba yowamba ku nyanja ya Chiuta n'kumagulitsa pamsika. Ine ndimalima, komanso ndimadziwa zinthu. Chachiwirichi ndiye chinandipweteka.

Kovidi itazizira, anthu anataya mamasiki kudzala. Ine iyayi. Ndinati mliri suodira pakhomo, tsiku lina ubweranso. Nditapita ku Balaka kukaona abale, ndinalowa m'sitolo ya mankhwala n'kuyamba kusankha mwachifatse. Opyapyala ndinawakana. Ndinkafuna okhuthala, okhala ndi kawaya kopinda pamphuno, zingwe zake zolimba. Ndinagula imodzi yoyesera, n'kuivala, n'kuyatsa machesi n'kuuzira ndi mphamvu zanga zonse. Moto sunagwedezeke n'komwe. Ndinanyamula mabokosi awiri.

Vuto linali posunga. Pawailesi ankati pakhale pouma, popanda dzuwa, popanda fumbi. Koma denga lathu limadontha pakona, ndipo makoswe a kwathu sasankha chakudya. Maso anga anagwera pa ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro chothina, imene akazi anga amasungiramo milamba nthawi ya dzinja kuti isachite nkhungu.

"Ndowa imeneyo muisiye, bambo a Rashida," anatero iwo.

"Ndaitsuka ndi sopo. Kawiri."

"Pulasitiki siiwala."

"Chimene chimateteza nsomba ku chinyontho chingalephere masiki?"

Anandiyang'ana, n'kumanga chitenje chawo bwinobwino. "Basi, ophunzira ndinu."

Mabokosi sankakwana m'ndowamo, ndiye ndinatulutsa mamasiki onse n'kuwasanja okhaokha. Ndinatseka, n'kuzunguliza chubu cha njinga, n'kuika pansi pa bedi. Miyezi inapita ndowa ili chitsekere, ine mtima uli m'malo.

Kenako kunabwera uthenga woti komiti ya zaumoyo ya dera lathu ikufuna munthu wosunga katundu wokonzekera mliri: mamasiki, sopo ndi zina zotero. Wosankhidwayo apatsidwa njinga yoyendera m'midzi. Yanga inali itatha kalekale, chubu chake ndi chija chinali pandowa. Njinga imeneyo ndinaifuna ndi mtima wonse, sindinama. Ndinaganiza zopita kumsonkhano ndi mamasiki anga, ndikagawire aliyense, aone okha kuti wosunga ndi ndani.

Tsikulo ndinachedwa kumunda. Ndinatapa mamasiki mwachangu, n'kuponya mujumbo, n'kumanga, liwiro la kumsewu. Minibasi yochokera ku Liwonde inaima, ndipo kondakitala anandipanikiza pafupi ndi mayi wina wovala mwaulemu, atakumbatira chikwama pamiyendo. Palibe amene anavala masiki. Ndinati chitsanzo chiyambe ndi ine. Ndinasolola imodzi, n'kuvala, n'kupinda kawaya pamphuno.

Fungo la mlamba linandimenya mpaka m'maso.

Ine milamba ndimaidziwa, ndimagona nayo nyumba imodzi. Ndinayang'ana pansi pa mpando, palibe dengu. Ndinayang'ana kumbuyo, palibe thumba. Ndikatembenukira kwa mayi uja, fungo lomwelo. Ndinaona chikwama chija mmene chinafufumira, nkhani n'kuimvetsa.

"Pepani mayi," ndinatero, "nsomba timaika kubuti. M'chikwama ndi mwa foni ndi mpango."

"Mukunena ine, bambo?"

"Nanga ndani? Fungo lonseli."

"Mulibe nsomba muno," anayankha mofatsa. "Muli mapepala."

"Mapepala a ku Chiuta?"

Anthu anaseka, ine n'kumva kukoma. Koma kondakitala ananunkhiza m'mwamba n'kupukusa mutu. "Madala, ine sindikumva kanthu. Muno muli fungo la dizilo basi."

Bambo wina wa chipewa choyera anavomereza kuti nayenso sakumva. Mayi wa mwana kumbuyo, chimodzimodzi. Apa mpamene maphunziro anga anadzuka. Paja chizindikiro china cha kovidi ndi kusamva fungo.

"Abale, tisaseke. Fungo lamphamvu chonchi, ine ndikulimva ndili m'kati mwa masiki yokhuthala, inu mphuno zili pamtetete simukulimva? Mwadwala nonse. Tsegulani mawindo!"

"Tadwala bwanji tadya bwinobwino m'mawa uno?" anafunsa wa chipewa uja.

"Mliri umayamba choncho. Mukatsika mupite kuchipatala. Makamaka inu mayi, mwanyamula nsomba pamiyendo koma simukuzimva."

Mayi uja anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ngati akufuna kundisunga pamtima. Ine ndinakankhira mutu kuwindo n'kulimbitsa kawaya kuti matenda awo asandilowe. Fungo linawirikiza. Ndinati m'mtima, mayi ameneyu wanyamula dengu lathunthu.

Tinatsika tonse awiri pamalo amodzi. Iwo analowera kumaofesi, ine kumthunzi wa mtengo wa mango kumene anthu anasonkhana. Chodabwitsa, fungo linali likadalipo. Ndinaganiza kuti landikakamira pamalaya, n'kumudandaula mayi uja chamumtima.

Patapita nthawi wapampando anaimirira. "Tilandire alendo athu ochokera kuboma, amene atithandize kusankha wosunga katundu."

Ndinatukula mutu. Mayi uja, ndi chikwama chake chomwe. Anachitsegula pamaso pa tonse n'kutulutsa mapepala okhaokha.

Ndinakumbuka njinga ija n'kudzilimbitsa. Ndinati zam'minibasi zatsala m'minibasi, ntchito zanga zindiyankhulire. Nthawi yanga itakwana ndinafotokoza za kawaya, za machesi, za kusunga pouma, pamdima, m'chinthu chosalowa mpweya. Anthu ankagwedeza mitu. Ngakhale mlendo uja analemba kenakake. Ndinaona ndekha kuti njinga yayamba kuyang'ana kwathu.

"Ndipo kuti musayese nkhambakamwa," ndinatero, "ndabwera nawo. Aliyense avale, amve yekha."

Ndinagawa mzere ndi mzere. A shehe analandira ndi manja awiri, akuluampingo chimodzimodzi, amayi, mpaka mlendo wathu. Onse anavala.



A shehe anatsokomola pang'ono mwaulemu. Akuluampingo maso ali psu, misozi ikulengeza. Kenako mayi wina wachikulire, mnzawo wa akazi anga pabenchi la nsomba, anakoka mpweya mwakatswiri, n'kuvula masiki, n'kuinunkhizanso.

"Iyi ndi milamba ya ku Chiuta," anagamula. "Yowamba ndi nkhuni za tsanya. Ndipo dzanja lake ndi la Abiti Jafali."

Anthu anagwa nacho chiseko. Ine ndinavula masiki yanga pang'onopang'ono, kwa nthawi yoyamba chikwerereni minibasi ija. Mpweya unali wabwinobwino, wa mango ndi fumbi. Akazi anga nawonso anali pamsonkhanopo, ndiye ndinayang'ana kumene anakhala kuti mwina andipulumutsa. Anali atabisa nkhope m'chitenje, mapewa okha akugwedezeka.

Mlendo uja anadikira phokoso lithe. Anavula masiki, n'kuipinda, n'kundibwezera m'manja.

"Bambo, kusankha mwasankha bwino, ndipo zimene mwanena za kusunga n'zoona. Chinthu chosalowa mpweya ndi chabwino, bola chikhale chatsopano, chosasungiramo ndiwo. Udindo uja tipereka kwa wina, njinga nayo ipita komweko."

Ndinavomera ndi mutu. Ndikanatinso chiyani?

"Koma tikuthokozeni pa chinthu chimodzi," anapitiriza, nkhope ili phee. "M'mawa munatiuza kuti wosamva fungo ndi wodwala. Lero mwayeza msonkhano wonse mwaulere. Alipo amene sanamve?"

Palibe amene anakweza mkono.

"Basi, ndikanena kuboma kuti kwa Kawinga kulibe mliri."

Abale, fungo likamakutsatani paliponse, musanatsegulitse chikwama cha mnzanu yambani mwaona chimene chili pamphuno panu.