Ola Limodzi pa Wailesi Yathu

Lolemba

Ndabwerako ku maphunziro ku Zomba, mutu uli thoo! Mayi wotiphunzitsa uja, kuyankhula tsiku lonse osayang'ana papepala. Akuti wailesi ya m'dera ndi ya anthu a m'deralo. Ndiye kuti ndi yathu! Zaka zonsezi ine ndimayesa ili ndi eni ake.

Ife a kalabu yomvera wailesi kuno kwa Mwambo tikufuna chimodzi: ola limodzi pa sabata tiziyankhula tokha. Za mphepo pa nyanja ya Chilwa, za tsiku lotsekula madzi ku sikimu ya mpunga ya Likangala. Chaka chatha bwato la alamu anga linagadabuka, anapulumuka atakakamira mabango. Tsiku limenelo wailesi inali pa nyimbo basi.

Monga mlembi, ndakonza izi:
gulu la pa WhatsApp
mapepala pamitengo
kusainitsa anthu
kuimba foni ku wailesi

Pofika Lamulungu tikhala titawina.

Lachiwiri

Gulu latsekulidwa. Liwiro lake! Ndangolemba kuti "Tikufuna ola limodzi pa wailesi," nthawi yomweyo wina ku Joni wayankha "Amen." Pofika masana muli mavesi, chithunzi cha mbuzi yogulitsa, ndi mkangano wa mpira. Uthenga wanga wamira, ndaufunafuna mpaka chala kuwawa.

Lachitatu

Mapepala ndamata m'mawa pachigayo ndi pamsika. Madzulo palibe ngakhale limodzi. Mng'ono wanga wochokera kwa Kuntumanji wabwera ndi zitumbuwa, zokulungidwa m'pepala langa lomwe. Lafika kutali ndithu.

Kumjigo ndauza Mayi Nakoma, ogulitsa matemba aja, kuti mawa tikusainitsa pabwalo la sukulu. Akuti, "Zimenezo ndisiyireni ine, mayi mlembi."

Lachinayi

Anthu! Sindinaonepo, ngakhale pamaliro a mkulu wa mpingo. Njinga mpaka kumsewu. Ena awoloka pabwato kuchokera ku Chisi. Mayi Nakoma alibe foni, alibe pepala, koma tsiku limodzi lokha agwedeza gombe lonse. Ndaima pamenepo misozi ili lengalenga.

Kenaka agogo ena andigwira mkono. "Mwanawe, yanga ikhale ya sola, mabatire sindingakwanitse."

Kani uthenga wafika kuti tikugawa mawailesi.

Ndakwera pabenchi kufotokoza. Ambiri abwerera akung'ung'udza. Otsala asaina, ena adinda chala. Agogo aja adinda kawiri, akuti mwina zingasinthe.

Lachisanu

Tsiku la foni. Netiweki imagwira pachulu cha kumunda kwa a Muhiwa, apampando athu. Ndawaphunzitsa mawu atatu oti akanene: ola limodzi, mphepo, madzi. Iwo pamwamba pa chulu, ife m'munsi ndi wailesi.

Yalowa! Mawu a a Muhiwa, awa ali apawa, akutuluka m'wailesi!

"Choyamba ndipereke moni kwa mayi a kunyumba, apongozi anga ku Phalombe, a kwaya yonse, osaiwala..."

Ndikukodola, ndikudumpha. Afika pa adzukulu. Foni thii, mayunitsi atha.

Atsika akumwetulira. "Ndayankhula bwino, eti?"

Loweruka

Ndapalasa njinga ndekha mpaka ku wailesi kukapereka kalata yopempha ola lija ndi mayina. Andilowetsa mkati mwenimweni. Makoma ofewa ngati matiresi, timagetsi tofiira, zii ngati m'tchalitchi. Ndipo muulutsi wa mawu ngati bingu uja, amene ndakhala ndikumumva ndikupalira mpunga zaka zonsezi, ndi kamunthu kochepa, kovala patapata, kakudya chinangwa chootcha!

Atsekula pakamwa: "Tikuthandizeni chiyani, mayi?" Mawu omwe aja. Zonse ndinakonza panjira zauluka. Ndangopereka envulopu ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Timakumverani." Basi.

Lamulungu

Kalata aiwerenga, pa pologalamu ya moni. Akuti, "Moni kwa okondedwa athu a kwa Mwambo, amene akuti amatimvera ola lililonse." Atchula mayina asanu, n'kuika nyimbo.

Mudzi wonse nthungululu. A Muhiwa avina pakhonde. Amayi a kumpingo abwera kudzandigwira chanza, akuti ndagwira ntchito yaikulu, dzina la mudzi lamveka mpaka kutauni. Ndayesa kunena kuti ola lija sitinalipeze. Akuti ndisadzichepetse.

Ndasiya. Kunena zoona, atatchula dzina langa nanenso ndinaimirira.

Mphepo yayamba kuchokera kumwera. Amuna anga akuti m'mawa alowabe panyanja, nsomba sizidikira. Ndawauza kuti ayang'ane kaye mitambo.