Katswiri wa Basela

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma popeza amuna anga ayamba kale kuifotokoza m'mapwando, komanso akumathiramo mchere wambiri, bola ndiinene ndekha. Sekani momasuka, ine manyazi anandithera.

Dzina langa ndine Esnart, nesi pa chipatala china ku Wolverhampton. Pa nthawiyo ine, bambo a Tamanda ndi mwana wathu tinkakhala ku Smethwick. Luso langa lalikulu si jakisoni ayi. Luso langa ndi loti sindigula chinthu popanda basela.

Ndinakulira pa msika wa ku Lunzu, pambali pa benchi ya tomato ya mayi anga, ndipo kumeneko ndinaphunzira malamulo awiri. Loyamba: ukagula mulu, wogulitsa aikepo kena pamwamba. Lachiwiri: akakana, tembenuka uzipita pang'onopang'ono, osacheuka. Usanafike patali umva, "Amayi, tabwerani tikambirane!"

Luso limeneli ndinakwera nalo ndege. Pa msewu wa Cape Hill ku Smethwick ogulitsa ndiwo zamasamba amandidziwa. Akangondiona amaponya okha tsabola awiri m'jumbo kuti ndisayambe ulaliki.

Tsiku lina landlord wathu anatiuza kuti akugulitsa nyumba imene tinakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi. Anali munthu wabwino, moti anati ayambe watipatsa ife mwayi. Adikira miyezi itatu. Mortgage, ngongole ya ku banki yogulira nyumba, ikapanda kutheka, aiika pa msika ndipo ife tisamuka.

Tinathamangira kwa broker wothandiza anthu kupeza ngongoleyi, mayi wina wofatsa dzina lake Mrs Kaur. Iye anatiuza mawu amodzi okha: a banki adzafuna ma statement a miyezi itatu, ndiye akhale oyera.

Oyera! Basi ine ndinasanduka wapolisi wa m'nyumba. Akaunti yathu ndi imodzi, ndiye chilichonse ndimachiona. Bambo a Tamanda anagula coffee wa mapaundi atatu pa siteshoni, ndinawazenga mlandu kuyambira Lachiwiri mpaka Lamlungu.

"Kodi flask ija inakulakwirani chiyani?"

"Amake Tamanda, kunali kuzizira."

"Mukadzagona panja ndi pamene mudzakudziwe kuzizira!"

Munthu wa Mulungu uja mawa lake ananyamula flask.

Ndiye m'mawa wina ndili pa tram, kasitima ka m'tauni, kupita ku ntchito, pa foni panga panatulukira chithunzi cha mkango wovala chisoti chachifumu. Pansi pake analemba kuti pa masewera awo obetcha ukaika £10 akupatsa £30 ya bonasi, kuphatikizapo ma free spin makumi asanu.

Ndinawerenga kawiri. Ugule mulu umodzi, basela milu itatu? Ngakhale mayi anga, tsiku limene tomato wawavundira, sanafikepo pamenepo!

Tsono musandiweruze msanga. Ine njuga sindimenya, ndine wa kwaya, ndimaimba alto. Ndinadziuza kuti wanjuga ndi amene amataya ndalama zake. Ine ndingolowa, nditole basela, nditenge ten paundi yanga, n'kutuluka. Tchimo lili pati pamenepo?

Ndinalembetsa. Anafuna dzina, adiresi, chithunzi cha laisensi, zonse ndinapereka. Nditafika poti ndilipire, ndinakumbukira lamulo lachiwiri. Ndinatseka foni n'kuiponya m'chikwama, osacheuka.

Mawa lake pa nthawi ya break, foni inalira. Imelo! "Esnart, takusowani. Bwererani, ma spin tawonjezera, afika handiredi."

"Andiitana!" ndinakuwa, mpaka Bupe, mnzanga wa ku Zambia amene timagwira naye wodi imodzi, anatsala pang'ono kutsamwa ndi tiyi.

"Ndani wakuitana iwe?"

Ndinamuonetsa, n'kumufotokozera mmene ndawagonjetsera azungu ndi nzeru za ku Lunzu.

Bupe anapukusa mutu. "Iwe mwana, ni kompyuta chabe iyo, itumila aliyense. Wabelenga ma terms? Waona ngati bali na laisensi?"

"Sisi, inu a ku Lusaka munazolowera kugula m'ma mall, mtengo wolemba pa pepala. Za msika tisiyireni eni ake."

"Ok mayo. Ine nakamba."

Munthu wodziwa msika sagula pa benchi yoyamba. Ndinayamba kuzungulira ma site ngati ndikusankha kabichi. Ina inali ya nthochi zovina, ina ya mfiti yachizungu yokwera tsache, imeneyo ndinaidumpha chifukwa cha chikhristu. Tizilembo tating'onoting'ono tapansi sindinkatiwerenga, maso anga ankangoyang'ana kukula kwa mulu. Uyu akuti akubwezera kawiri, uyo akuti katatu, winayo akuti ma spin mazana awiri.

Paliponse ndinkachita chimodzimodzi: kulembetsa, kutembenuka, kudikira. Ndipo onse ankandiitana! Pofika kumapeto kwa sabata ndinali ndi ma site asanu ndi awiri ondichonderera. Chibadwire sindinafunidwepo chonchi, ngakhale nthawi imene bambo a Tamanda ankandifunsira.

Ndinayamba kulipira, ten paundi apa, ten paundi apo. Nthawi iliyonse app ya banki inkafunsa ngati ndinedi, ine n'kudinda chala changa monyadira.

Kenako ma spin aja. Abale, zinthu zija anazipanga ndi anthu ophunzira! Zipatso zikuzungulira, mabelu akulira, ndalama zagolide zikugwa ngati matalala. Ukapata 20p amakuimbira nyimbo ngati wakhoza digiri. Pa site ya mkango ija nambala inakwera, inakwera, mpaka inafika £212.

Ndinayamba kuyeza mawindo. Ndinati tsiku losaina nyumba ndidzatulutsa makatani atsopano, bambo a Tamanda adzafunse kumene ndapeza ndalama, ine ndidzangoti, "Munakwatira mkazi wanzeru."

Loweruka masana, iwo atapita kukasiya Tamanda kosambira, ndinakhala pa sofa n'kudina withdraw kuti nditulutse ndalama zija.

Zinakana.

Ndinadinanso. Zinakananso, n'kundilembera za wagering requirement. Ndinatsegula live chat, ndipo anandiyankha munthu wotchedwa Josh, waulemu kwambiri, wa tinkhope tomwetulira pa mzere uliwonse.

"Josh, ndikufuna ndalama zanga."

Anandifotokozera kuti zimenezo ndi ndalama za bonasi, ndipo sizingatuluke mpaka nditaibetcha bonasiyo maulendo 35.

"Ma spin 35? Amenewo ndapitirira kale."

Ayi, anatero Josh. £30 ija kuchulukitsa ka 35. Ndiyenera kuzungulitsa zipatso zija mpaka zobetcha zanga zonse zitakwana £1,050, ndipo ndili ndi masiku asanu ndi awiri, anayi apita kale.

Ndinaimirira pa sofa.

"Josh, kwathu munthu akakupatsa basela, umapita naye kunyumba. Sakuuza kuti uyambe wazungulira msika ka 35 utamusenza pamutu!"

Anati akumvetsa mmene ndikumvera. Kankhope komwetulira.

"Chabwino, tikambirane ngati anthu. Ka 35 n'kambiri. Panga ka 5."

Anati sangathe kusintha ma terms, ndipo ndinawavomereza ndekha polembetsa.

"Ka 10, last price. Ndine kasitomala wako, mawa ndibweretsa anzanga."

Anati kodi pali china chimene angandithandize?

Apa ndinatulutsa chida changa chachikulu. Ndinalemba kuti, "Basi, ndapita kwa anzako," n'kuika foni pa tebulo chafufumimba. Ndinapita ku khitchini pang'onopang'ono, osacheuka. Ndisanafike pa sinki, foni inalira. Ndinathamanga mpaka kupunthwa pa kapeti.

Ankandifunsa kuti ndimupatsa Josh nyenyezi zingati pa zisanu.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine zinandipweteka kuti mwana wa mayi wa tomato wapusitsidwa ndi mkango wojambula. Ndinati ka 35 komweko ndikakwanitsa, aone. Ndinazungulitsa zipatso pa tram, pa break, ngakhale pa mzere wa ku pharmacy. £212 ija inayamba kusungunuka. Itatsala pang'ono kutha ndinathiramo ten paundi yoti ikaipulumutse, kenako ina yoti ikapulumutse inzake ija. Kwa nthochi zovina nakonso nkhani inali yomweyo.

Patatha masabata awiri ndinatsala ndi 43p, nayonso yosatuluka.

Ndinafufuta ma app onse, maimelo onse, n'kulapa ndekha m'bafa. Za statement ndinaziganizira, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti a banki amayang'ana ndalama zikuluzikulu, tima ten paundi tobisala pakati pa shopping ndani angatione? Ndinatero ine, munthu amene ndinaona coffee wa mapaundi atatu.

Tsiku lobwerera kwa Mrs Kaur linafika. Bambo a Tamanda anavala jekete la ku tchalitchi, ine ndinanyamula faelo. Mrs Kaur anatilandira bwino, n'kuyamba kutembenuza mapepala. Tsamba loyamba anamwetulira. Lachiwiri anamwetulirabe. Pa lachitatu anatenga cholembera chachikasu chija n'kuyamba kudula mizere.

Anadula, anadula, mpaka tsamba linaoneka ngati chitenje.

Kenako anavula magalasi, n'kutembenukira kwa amuna anga. Osati kwa ine ayi, kwa iwo! Anatsegula kabati, n'kutulutsa kapepala kothandiza anthu amene njuga yawalowerera, n'kuwakankhira mofatsa.

"Mr Phiri, musachite manyazi. Abambo ambiri zimawachitikira."

Bambo a Tamanda, mkulu wa mpingo, munthu amene ngakhale bawo amati imataya nthawi, anayang'ana kapepalako, n'kuyang'ana mizere yachikasu ija. Lucky izi, Jackpot izo, Spin zakutizakuti, mizere khumi ndi isanu ndi inayi.

Apa ndi pamene ndikanayankhula. Pakamwa ndinatsegula ndithu, koma munatuluka kachifuwa.

"Atibera!" anakuwa iwo, ataimirira. "Amake Tamanda, akuba alowa mu akaunti yathu!"

"Mwina tikaone bwino kunyumba..."

"Kunyumba chiyani? Inu mwavutika miyezi itatu kusamala ndalama zimenezi, osagula ngakhale mafuta odzola, wina azikamenyera njuga? Ndiimba pompano!"

Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwanidwa. Ankandiikira kumbuyo ndi mtima wawo wonse.

Anaimba ku banki, ku nambala ya za chinyengo, n'kuika pa speaker kuti Mrs Kaur akhale mboni. Tinadikira nyimbo ikulira, ine thukuta lili kamukamu mu Novembala wozizira wa kuno. Atayankha, anatifunsa mafunso otsimikiza kuti ndife eni akaunti, tonse awiri. Bambo a Tamanda anafotokoza mwaukali, mpaka kutchula apolisi.

Mtsikana wa ku bankiyo anati tidikire pang'ono. Tinamva akutayipa.

"Ndaona, Mr Phiri. Malipiro onsewa anachitika pa khadi ya Mrs Phiri, ndipo lililonse linavomerezedwa pa foni yawo, ndi chidindo cha chala chawo."

Mrs Kaur anatambasula dzanja mwakachetechete, n'kukasuntha kapepala kaja kuchoka pamaso pa amuna anga kubwera pamaso panga.

"Sinali njuga," ndinatero ndi kamawu kakang'ono. "Ndimangofuna basela."

Mrs Kaur sanamve kuti basela n'chiyani, ndipo palibe anali ndi mphamvu zomumasulira. Anangotiuza kuti ndi ma statement amenewa banki imene timaidalira siingatipatse ndalama zokwanira nyumbayo. Tiyambirenso, miyezi ina itatu, mwinanso isanu ndi umodzi.

Titalowa m'galimoto, bambo a Tamanda anaimbira landlord. Ndinkamva mawu ake onse. Anapepesa kwambiri, koma anati sangadikirenso, pali banja lina limene lili ndi zonse m'manja.

Nyumba yathu, ya zaka zisanu ndi chimodzi, imene pa chitseko cha khitchini tinkalembapo msinkhu wa Tamanda. Ndinalira ngati mwana, ndipo ndinkafuna andikalipire kuti mwina mtima upepuke.

Iwo sanakalipe. Anangotenga dzanja langa lamanja n'kuliika m'manja mwawo. Ndinati m'mtima, Ambuye, mwamuna uyu sindimuyenera.

Ndiye ndinamva akugwira zala zanga chimodzichimodzi.

"Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu." Anapumira m'mwamba. "Tiyamike Mulungu, amake Tamanda. Mbava ija inali yoleredwa bwino. Itamaliza ntchito, chala inabweza."

Lero tili pa lendi ku Oldbury, ndipo phunziro ndinalitola: basela amene amayamba wakufunsa nambala ya khadi, dziwa kuti tomato wake ndiwe.