Lenzi Yanga Yoona Zonse

Lolemba
Lenzi yatsopano yafika! Galasi la kutsogolo kwa kamera, lomusaka lokha munthu, ine kungodina basi. Loweruka kuli chinkhoswe cha Esinati, mwana wa mlongo wanga, ndipo wojambula ndine. A Chimphonda a ku Golomoti aone polekera. Iwo amajambulira chilenzi chakalekale chimene anachipeza m'sutikesi ya malemu bambo awo, chozunguliza pamanja, chomangirira ku kamera ndi mphira wa njinga.

Lachiwiri
Ndikuyesera pa amayi anayi ochokera kumunda wa mpunga ku Bwanje. Lenzi yagwira zonse:
ming'alu ya kuzidendene
thukuta la pamphuno
mankhusu a mpunga m'tsitsi
ntchentche, ndi miyendo yake yomwe!
Mmodzi akuti, "Ife tabwera kudzajambulitsa, osati kudzapimitsa."

Lachitatu
Amayi aja apita kwa a Chimphonda. Zithunzi zawo ndaziona pa foni. Nkhope see, kumbuyo kuli mbuu, mtengo wa mango sukudziwika n'komwe. Zimenezi akuti ndiye kukongola! Ine yanga ya m'katoni, iwo yawo yonunkha mphemvu. Mtima ukundiwawa. Ndaziyang'ana kasanu.

Lachinayi
Esinati waziona zithunzi za mbali zonse ziwiri. Akuti, "Malume, inu mudzangokhala pampando wa ulemu." Ulemu wa chiyani! Ndachonderera mpaka wavomera kuti ndimuyesere mawa. Ndiye ndiikalambitsa ndekha lenziyi:
kuiuzira mpweya (ukuuma pompo, kuno ku Mtakataka kutentha)
kuiphimba ndi kaneti ka udzudzu (munthu akuoneka ngati ali m'khola la nkhuku)
kuipaka mafuta odzola. Eyaa, awa ndiye akhoza.

Lachisanu
Mafuta asungunuka ndi dzuwa, alowa m'kati. Lenzi ikungolira, kupita kutsogolo, kubwerera, Esinati osamupeza. Yakagwira mbuzi imene ikudutsa kumbuyo kwake. Mbuziyo yaoneka bwino kwabasi. Esinati wangonyamula kachikwama kake, osatsanzika.

Loweruka
Chinkhoswe. Ndili pampando, m'jekete, m'manja mulibe kanthu. A Chimphonda agwada, akuzunguliza chinthu chawocho pang'onopang'ono ngati akutsegula botolo louma. Anthu akudikira, akumwetulira. Ine ndikachedwa pang'ono pokha amayamba, "Fulumirani, dzuwa!" Kenako a Chimphonda atembenukira kwa ine: "Achimwene, tamwetuliraniko." Ndakana. Ndakwinya nkhope dala kuti chithunzicho chiwaonongekere.

Lamulungu
Anditumizira chithunzi changa. Makwinya palibe. Dazi silikunyezimira. Mkwiyo wanga wonse ukuoneka ngati wa munthu woganiza zakuya. Chibadwire sindinaonekepo chonchi, ndipo akazi anga akuti, "Uyu ndiye ndikadakwatiwa naye."
A Chimphonda ndimadana nawo, ndisaname. Ndawaimbira kuti anditsukire chachikulu, chopachika pakhoma.