Chiwindi chobwereka kwa a Saidi

Tsiku limenelo kunali chiperoni, kamvula kamawawa kosanyowetsa nthaka koma kolowa mpaka m'mafupa. Phiri la Soche linali litabisala mu nkhungu. Ndikukumbukira kulira kwa chigayo cha pamsika wa Chilobwe, anyamata oitanira minibasi akukuwa kuti "Limbe! Limbe! Awiri otsala!", ndi wailesi ya wometa tsitsi ikuimba nyimbo ya kwaya imene malemu amake Tereza ankaikonda. Ndikanakhala wanzeru ndikanaima pomwepo n'kumvera nyimboyo mpaka kutha. Koma ndinali nditachedwa ku mapemphero a m'makomo, ndipo mkulu wa mpingo akachedwa amaganiza ndi miyendo.

Kumunsi kwa nyumba yathu kuli kamtsinje, ndipo pamwamba pake padutsa paipi yaikulu yachitsulo. Mlatho uli patali ndithu. Titangofika kumene mu tauni muno kuchokera ku Nsanje, ndinkawoloka pa paipi imeneyo nditasenza thumba la makala, amake Tereza ali kutsidya akufuula kuti, "Inu, mudzandisiyira umasiye ndili mwana!" (Mapeto ake umasiyewo anandisiyira ndi iwo.) Tsiku la chiperonilo ndinayang'ana paipi ija, ndinaona kuti ndi yomweyo. Ndinaiwala kuti ine ndiye sindinali yemwe uja.

Ndinaterereka pakatikati. Sindinagwere m'madzi ayi, mwina zikanakhala bwino. Mwendo wina unapita uku, wina uko, ndipo ndinakhalira chitsulocho ndi thupi lonse ngati wokwera njinga yopanda chishalo. Ambulera yokha ndi imene inapita ndi madzi.

"Kalanga ine agogo! Mwapweteka pati?" anafunsa mayi wina amene ankachapa zovala mmunsimo.

"Palibe, mwana wanga. Ndikungopumulako."

Kupumula pa paipi, pa mvula, misozi ili mbwembwembwe. Mayiyo anangoweramira zovala zake, mapewa akugwedezeka.

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndapanira mtondo. Ndinati zipola zokha. Koma mkodzo unakana kutuluka, m'malo mwake munkangodontha timagazi, ndipo kutacha chinena chinali chitatupa ndi kuuma ngati dzungu. Ndinakwera minibasi ndekha, osauza munthu. Kondakitala anali pa ine njira yonse: "Madala, tabwezani miyendoyo, mpandowu ndi wa anayi!" Dzenje lililonse la pamsewu ndinalidziwa tsiku limenelo.

Ku chipatala chachikulu ndinapeza dokotala wamkazi, msinkhu wake ngati wa Tereza, mwana wanga wa ku Mzuzu.

"Bambo, chavuta n'chiyani?"

"Ndinagwa, mwana wanga."

"Munamenyetsa pati?"

"Chapakati."

"Pamimba?"

"Tsikani pang'ono."

Anaika cholembera pansi. "Bambo, kuno chiwalo chilichonse timachitchula dzina lake. Amene anachilenga sanachite nacho manyazi."

Atandiyeza ndi kundijambula anandiuza kuti njira ya mkodzo yang'ambika. Anandifotokozera modekha ngati mphunzitsi wa kalasi ya ubatizo. Kale, anatero, panali kukakamiza kachubu kudutsa pomwe pang'ambikapo, ndipo kwa ambiri njirayo inkadzatsekeka ndi chipsera. Kafukufuku wa masiku ano waphunzitsa madokotala kuti pa bala ngati langa phuma limawononga. "Tiboola pang'ono pansi pa mchombo, mkodzo uzidutsa m'kachubu kupita m'thumba, bala lipume miyezi ingapo. Kenako tidzasoka. Pakadzaperewera, tidzatenga kachikopa ka m'kati mwa tsaya lanu kakhale chigamba."

Ndinagwira tsaya langa. Tsaya limene laimba nyimbo za Mulungu zaka zonsezi likatumikire kumeneko! (Koma paja timalalikira tokha kuti chiwalo sichinyoza chinzake. Pa guwa mawuwa savuta.)

Mu wodi, bedi loyandikana ndi langa linali la a Saidi a ku Chirimba, amene moyo wawo wonse anakhala akudula nsalu m'sitolo ya amwenye ku Limbe. Maso awo anali achikasu, mimba yotupa. Iwo ndi Msilamu, mowa sanaulawepo chibadwire. Ndinamva dokotala akuwauza kuti chiwindi chawo chawonongeka ndi kachilombo kamene mwina akhala nako kuyambira ali khanda, ndipo kuti masiku ano kuli mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku amene amaletsa kachilomboko kuswana kuti chiwindi chipezeko mpata. Anali munthu wanthabwala, ndipo tinagwirizana msanga.

Vuto linafika pa nthawi yoona odwala. Mpingo wathu suzonda wodwala mwachisawawa. Timakhulupirira kuti pemphero lizilunjika: matenda atchulidwe dzina pabedi pomwepo, ndipo Lamulungu alengezedwe kuti mpingo wonse udziwe chopempherera. Mwambo umenewu ndinauteteza ndekha kambirimbiri. Ndiye ndinangoona amayi a mpingo atazinga bedi langa, mabulauzi oyera mbee, patsogolo pali mtsogoleri wawo mayi Jofilisi. Kumbuyo kwawo kunali a Zuze, mkulu wa mpingo mnzanga, amene tinachokera limodzi kumudzi. Ndinakoka bulangete mpaka m'khosi, thumba lija ndikulikankhira kunsi kwa bedi.

"Bambo a Tereza, mwatiopsatu," anatero mayi Jofilisi. "Tiuzeni pamene pakuwawa kuti tipemphere molunjika."

Amake Tereza akanakhalapo akanawatengera amayiwo panja, n'kuwanong'oneza mwachizimayi, nkhani n'kuthera pomwepo. Zinthu zovuta kunena ankandinenera ndi iwo. Tsopano ndinalipo ndekha, maso onse ali pa ine. Ndinacheukira kumbali, ndinaona a Saidi.

"Chiwindi," ndinatero.

Pemphero limene linatsatira linali lamphamvu. Mayi Jofilisi anachidzudzula chiwindicho, anachilamula kuti chiphwe, chibwerere pamalo pake. Atanena ameni, ndinamva ameni wina wochokera bedi la pambali.

Alendo atapita, a Saidi anadzuka pang'ono. "Achimwene, mwandibera matenda ine ndili pompano?"

"Ndangobwereka, a Saidi."

"Tengani onse, musabweze. Koma pempherolo ndalandira ndine, muwathokoze amayiwo."

Ndinatuluka m'chipatala ndi thumba langa, nditalimangirira pa katumba m'kati mwa buluku lalikulu la suti yakale. Lamulungu analengeza za chiwindi changa, ndipo pakhomo panga panasanduka msika. Wina nzimbe, ati zimachotsa chikasu. Wina mandimu, wina masamba a chamwamba. Mphunzitsi wina anandiwerengera pa foni yake za mankhwala atsopano a chiwindi amene akuyesedwa kunja, ine ndikungogwedeza mutu ngati mwini matenda. Nzimbezo ndinadya, sindinama.

Kutchalitchi ndinasiya mpando wa akulu kutsogolo, ndinayamba kukhala pafupi ndi chitseko. Thumba likadzaza ndinkatuluka pakati pa ulaliki kupita kuseri. Ndinkayenda pang'onopang'ono, motangadza, nthawi zina kugwira khoma. M'thumba la jekete ndinkasunga kabotolo ka sipiriti wopukutira m'manja ndisanagwire kachubu, ndipo fungo lake linkanditsata. Tsiku la mgonero ndinapempha kuti ndisanyamule nawo zikho, poopa kupunthwa. Ine ndinkaona ngati ndikubisa bwino. Sindinadziwe kuti anthu akuphatikiza: bambo wamasiye wokhala yekha, chiwindi, kudzandira, fungo, maulendo akuseri. Ngakhale ine akanandipatsa zimenezi za munthu wina, sindikudziwa kuti ndikanaganiza chiyani.

Moni anayamba kufupika. Nzimbe zinasiya kubwera. Kenako abusa anandiitanitsa ku bwalo la akulu a mpingo Loweruka masana.

M'chipinda chimenecho ndakhalamo zaka zambiri ndikumva milandu ya ena, ndipo ankandidandaula kuti ndimachedwetsa chigamulo ndi mafunso. Tsiku limenelo mpando wanga anauika pakati. Panali abusa, akulu anzanga, ndi mayi Jofilisi kuimira amayi. Ndinadziwa chimene chinali patsogolo panga: kudulidwa ku mgonero ndi kutula ukulu wa mpingo. Tsiku limene anandidzoza, amake Tereza analulutira mpaka mawu kusasa. Chimenecho n'chimene ndinkaopa kutaya, osati mpando.

"Bambo, mpingo ndi mayi, sutaya mwana," anayamba abusa. "Tikudziwa kuti umasiye ndi wowawa. Ena amathawira ku botolo. Mukavomera, tikuthandizani."

"Botolo lanji, abusa?"

Onse anayang'ana a Zuze. Mnzanga uja anakonza kukhosi, maso ali pansi.

"Achimwene, musatichititse kunena zambiri. Sabata yatha tinakhala limodzi pa maliro a ku Chitawira. Mutasuntha mwendo ndinamva ndi makutu angawa, khuvu khuvu, m'buluku. Mumamangirira kachasu pa mwendo."

"Ndipo chiwindi sichimangotupa chokha," anawonjezera mayi Jofilisi. "Tonse tikudziwa chimene chimatupitsa."

Njira zinali ziwiri: kuvomera uchidakwa umene sindinauchite, kapena kuonetsa chimene ndinabisa. Mukhulupirire, ndinayamba ndaganizira yoyambayo. Kudulidwa kumatha pakapita miyezi, koma chimene anthu aona ndi maso saiwala. Kenako ndinawerama, ndinapinda buluku mpaka m'bondo, ndinatambasula mwendo.

"Kachasu wake ndi ameneyu. Amene akufuna kulawa alawe."

(Mawu omalizawo sindinyadira nawo. Anangotuluka.)

Thumba linali litadzaza theka. Mayi Jofilisi anafunda chitenje kumaso n'kutembenukira kukhoma. Mkulu wina wachikulire anavala magalasi, anasuzumira, anawavulanso. Ndinafotokoza zonse: paipi, kugwa, kachubu, ndi chigamba cha m'tsaya chimene chinkandidikira. Chiwalo chija ndinachitchula dzina lake, m'chipinda cha akulu, pamaso pa abusa. Denga silinagwe.

"Nanga bwanji simunanene, bambo?" anafunsa abusa.

"Ndikananena bwanji, amayi atandizinga, ndikudziwa kuti Lamulungu zikamveka pa chimkuzamawu? Ndinanama, ndipo bodzalo ndi langa, mundiweruze nalo. Koma chiwindicho chili ndi mwini wake. Ndi bambo wa ku Chirimba amene mowa sanaugwirepo, chinamutupira ndi kachilombo. Madokotala akuti ena chimawonongeka ndi likodzo, ena ndi mafuta. Akanakhala wa mpingo uno, bwenzi lero atakhala pa mpando uno, wopanda buluku loti apinde."

Abusa anatseka ndi pemphero lalifupi kwambiri pa mapemphero awo onse, ndipo silinalunjike paliponse.

Za bodza langa anandidzudzula, ndipo ndinavomera. Ukulu sanandilande. Patapita miyezi opaleshoni inachitika, chigamba chinagwira, ndipo kwa masabata angapo ndinkadya phala lokha ndi kuimba ndi mbali imodzi ya kamwa. A Saidi ndinakumana nawo ku Limbe atabwerera pa ntchito, maso atayera, akuti mapiritsi sadumphitsa. Anandifunsa ngati amayi aja angabwerenso, poti pemphero lawo linagwira.

Chimene chinandiwawa nthawi yaitali si amayi aja ayi, koma a Zuze. Munthu amene tinagona chipinda chimodzi ku Ndirande tikufunafuna ntchito, anamva khuvu khuvu, osandikokera pambali kundifunsa. Anabwera kwathu madzulo ena, anakhala pakhonde akungotembenuza kapu m'manja mpaka tiyi kuzizira.

"Achimwene," anatero pomaliza, "ndinkaopa kuti ndikakufunsani muvomera."

Ndinayang'ana nkhope yawo yokalambayo. Nane ndinali nditaopa kuwauza. Tinali amantha awiri pakhonde limodzi.

Lamulungu lotsatira kucheza kwathu kwa pakhondeko, mlembi wa mpingo anaimirira kukonza chilengezo chakale, monga bwalo linagamulira. Anayang'ana pepala lake, anayang'ana abusa, anapukuta thukuta ngakhale kunkazizira.

"Abale, tikonzeko pang'ono. M'bale wathu uja sankadwala chiwindi ayi. Ankadwala... chakumunsi kwa chiwindi. Tipitirize kumupempherera chakumeneko."

Kwaya yonse inaweramira pansi. Mayi Jofilisi anayambitsa nyimbo isanakwane nthawi yake. A Zuze, amene anakhala pambali panga pa mpando wa akulu, ankanjenjemera ndi phwete, misozi ikutsika.

Ndinawakhululukira onse.