Ndere za m'thanki ya apongozi

Amene akuti ndikunama adzuke pampandopo akaime panja pa chisanu, chifukwa zimene ndikunenazi zinandichitikira ine ndemwe ku Springfield, tauni ya ku Virginia pafupi ndi Washington, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inu musanabadwe ndi Chingerezi chanu choyankhira akulucho.

Ndinali pa yunivesite, ndikufuna kukwatira Esinati, mwana wa a Daka a ku Chipata, amene ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu ku Washington. Mkuluyo anali asanandivomere. Pabalaza pawo panali thanki yagalasi ya madzi amchere, ndipo m'menemo munkakhala nsomba imodzi yachikasu imene ankaikonda kuposa ana awo. Tsiku lonyamuka ulendo wa kumudzi ndi akazi awo, anandipatsa kiyi wa nyumba.

"A Banda," anatero, "kwathu mkamwini timamuonera pa khasu. Kuno kulibe munda. Munda wanga ni uwu. Nikapeza nsomba yafa, Esinati mumuiwale."

Ine ndinaleredwa bwino, sindikanalola nsomba ya apongozi kugona ndi njala. Iwo anati chakudya chake n'chongotsina ndi zala, ine ndinati kumeneko n'kumana, ndipo ndinkathira dzanja lodzaza m'mawa, masana ndi madzulo. Ndinatsegula makatani kuti iwothere dzuwa. Madzi akachepa ndinkawonjezera a pampopi. Sindinkadziwa kuti ndikuthirira ndere feteleza.

Mukumva? Tsiku lina ndikutsegula chitseko ndinapeza chikukana, ndinachikankha ndi phewa, kulowa m'kati ndere zobiriwira zadzaza thanki, zatulukira pamwamba, zatsika pansi, zakulunga mipando ndi wailesi yakanema, zakwera masitepe n'kukagona pabedi la apongozi, zina zatulukira pawindo n'kuyanga mpaka pa msewu waukulu wozungulira Washington, magalimoto aima, anthu a m'boma akupita kuntchito wapansi atakwinya mathalauza, ndipo apolisi a mu helikopita akulengeza kuti ku Virginia kwamera nkhalango yatsopano. Esinati atabwera kuchokera kusukulu yake ya unamwino anangoima pakhomo, manja kumutu. Nsomba sinkaoneka. Kunena zoona ndinachita mantha, chifukwa ndinaona ukwati wanga ukumira ndikuyang'ana.

Ndinaimbira foni mzungu wa sitolo ya nsomba. Anati ndichotse kuwala, ndichepetse chakudya, ndisinthe madzi, ndiikemo nkhono. Ndiye inu mukundidziwa, sindigwira ntchito mwatheka. Makatani ndinawakoka ndi mphamvu moti mdima unagwa Springfield yense, atambala a ku tauni ina ya Upper Marlboro n'kusokonezeka, ndinatenga chikwakwa n'kutchetcha kuyambira pamsewu mpaka kuchipinda, ndere zikumeranso kumbuyo kwanga ine ndikuzitembenukira, kenako ndinathamanga wapansi mpaka kunyanja yamchere ku Maryland, ndowa pamutu, ndikutunga n'kubwerera, ndikutunga n'kubwerera, mpaka sitima zapamadzi zinakhala pamchenga, oyendetsa ake akundipempha kuti ndiwasiyireko pang'ono. Nkhono zimene ndinagula zinadya ndere mpaka zinakula, imodzi ndinaikwera popita kukalemba mayeso, ndipo n'chifukwa chake digiri yanga inachedwa.

Musaseke, sindinamalize. Thankiyo inali yaitali ngati tebulo ili, koma ndinavula malaya n'kudumphiramo, ndinasambira kutsika, kutsikabe, mpweya ndikupumira m'makutu, mpaka pansi pa mwala ndinaipeza nsomba ija itakhala phee, yakhuta, ikundiyang'ana mwamwano. Inali moyo. Ndinalira m'madzi momwemo, ndipo misozi yangayo ndi imene inakonza mchere wa m'thankimo kuti ufike pa muyeso wake.

A Daka atabwera sanandipatse ndi moni yemwe. Anaika sutikesi pansi, n'kupita pagalasi. Madzi anali mbee. Anawerama, anavala magalasi awo, anayang'ana nthawi yaitali, ine nditaima kumbuyo.

"Yanenepa," anatero.

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Muuze ankhoswe anu abwere pa Sabata, tikachoka ku tchalitchi."

Ana inu, mtima wanga unakhala pansi tsiku limenelo. Mpweya umene ndinausunga m'chifuwa chichokereni apongozi ndinautulutsa kamodzi, ndipo masamba onse a mitengo ya ku Virginia anayoyoka. Mpaka lero amayoyokabe chaka ndi chaka, azungu amati ndi nyengo.

Agogo anu Esinati ali kukhitchiniko, pitani mukawafunse. Akakuuzani kuti ndere zonsezo zinakwana m'kapu imodzi, mudziwe kuti makapu a nthawi imeneyo sanali ngati a masiku ano.